Mapazi Otupa a Tiyamike

"Chotsani manja anu otenthawo pa mwana! Mukufuna mumumalize?"

Anakuwa chonchi ndi alamu anga a Gelesomu, achimwene a mkazi wanga, tsiku limene ndinabwerera kuchokera ku Mozambiki. Chikwama chinali chikadali kumsana, nsapato zili matope okhaokha. Anakuwira pabwalo, a nyumba zoyandikana onse akumva. Ndipo mwana amene ankandiletsa kugwirayo ndi wanga. Wanga ine, wobereka ndekha. Tiyamike.

Ndikupatseni moni nonse, abale ndi alongo, m'dzina la Ambuye wathu. Abusa, akulu a mpingo, zikomo pondipatsa mpata. Ine ndine Fanuwelo Mbewe. Kwathu ndi ku Lisungwi, kuno ku Magaleta ndinabwera kudzakwatira, ndine mkamwini. Ntchito yanga ndi yomanga nyumba. Umboniwu ndachita kulemba, chifukwa ndikayankhula za m'mutu ndimapsa mtima, ndipo mukundidziwa, ndikapsa mtima pakamwa panga sipakhala mabuleki.

Ambiri muno muli ndi dzina lina limene mumanditchula ndikadutsa. "Uja anasempha mwana uja." Musaweramitse mitu, ndimamva. Mpingo uno unandidula. Ndinakhala pa benchi ya kumbuyo uko, ndinalowa kalasi ya obwerera pamodzi ndi anyamata opereka mimba, ine wa imvi kale. Sindikuti munalakwa, poti ndinavomera ndi pakamwa panga. Koma lero ndabwera kudzakuuzani mmene kuvomerako kunachitikira. Amene mwakonzeka kuomba m'manja, pepani. Umboni wanga si wotsekemera.

Chaka chimenecho mukuchikumbukira. Mvula inadula chimanga chitangoyamba kumasula. Tinakolola zoti n'kunyamula pamutu ulendo umodzi. Ine ndinanyamula zida zanga n'kupita pa Zalewa, kumene munthu wina ankamangitsa mashopu. Ndinakhalako miyezi. Kangachepe kamene ndinkapeza ndinkatumiza, koma pakhomo panali pakamwa pambiri.

Ndili komweko, mkazi wanga Nabanda anazindikira kuti ndi woyembekezera. Amayi akuluakulu anamuuza kuti mwana asiye kuyamwa tsiku lomwelo, akuti mkaka wa mayi wapakati ndi woipa. Tiyamike anali atangoyamba kuyenda. Anamuchotsa kubere n'kumuika pa phala. Phala lamadzi, lopanda nsinjiro, lopanda kanthu. M'mawa phala, masana phala, madzulo phala.

Nditabwera ndinapeza mwana masaya ali tuu, miyendo yadzadza, mapazi ngati mbatata. Ndinaseka ine! Ndinati, "Nabanda, mukumudyetsa chiyani mwanayu, wanenepa chonchi m'chaka cha njala?" Nabanda sanaseke. Mwananso sanaseke. Tsitsi linali litafiira, lanyozoloka ngati ndevu za chimanga. Khungu likusupuka m'ntchafu. Ukamuitana ankangokuyang'ana ngati nkhalamba yotopa ndi dziko.

A Gelesomu, monga mwinimbumba, anaitanitsa abale. Anati iyi ndi tsempho. Achinyamata amene simukudziwa, akuti bambo akayenda ndi mkazi wina kunja, n'kubwera kudzanyamula mwana wake, mwanayo amatupa. Ndiyo tsempho imeneyo.

Ndinati, "Alamu, mwanayu ndamupeza atatupa kale."

"Pa Khirisimasi simunabwere? Simunamunyamule?"

"Tiyeni naye kuchipatala, akamuone odziwa."

"Chipatala? Mwana wa tsempho akabayidwa jakisoni ndi maliro amenewo. Ululani kaye. Tchulani mkaziyo, mumumwetse mwana mankhwala ndi dzanja lanu. Za chipatalazo pambuyo."

"Palibe mkazi."

Anaseka, n'kutembenukira kwa anthu. "Mwamva? Mwamuna miyezi yonseyi pa Zalewa, pamene pamagona madalaivala a mathiraki, akuti ankangowerenga Masalimo!"

Anthu anaseka. Ine sindinaseke. Chibakera chimodzi, a Gelesomu anakagwera pa thandala la mbale, dzino lili pansi. Basi, mlandu wanga unathera pomwepo, anandithamangitsa pamudzi. Mkamwini amabwera ndi bulangeti, amachokanso ndi bulangeti. Nyumba ndinamanga ndekha, njerwa ndinaumba ndekha, koma dothi ndi lawo, ana ndi awo. Ndikutuluka, Nabanda anaima pakhomo misozi ili chuchuchu. Anati, "Bambo a Tiya, ngati zilipo ingonenani. Ine sindikwiya. Mwana achire."

Abale anga, mawu amenewo anandilasa kuposa kuseka kwa anthu kuja. Mkazi wanga! Amene ndakhala naye zaka zonsezi!

Ndipo ndinene zoona, inenso matendawo sindinkawadziwa. Sukulu ndinafika Folomu 4, koma m'mutu mwanga njala inali yoondetsa, osati yonenepetsa. Ndinkangodziwa chimodzi, kuti ine sindinayende ndi mkazi wina. Zinazo ndinali mumdima ngati wina aliyense.

Ndinapita pa Boma, ndinkagona m'nyumba ina yosatha imene ndinkapaka pulasitala. Komweko anandipeza a Matewere, mkulu wa mpingo uno, ali pompano akundimva. Anati mipingo yagwirizana kutumiza gulu ku Mozambiki, kupitirira Zobuwe, kukathandiza pamalo ena osamalira ana onyentchera. Akufuna mmisiri woti akamange khitchini ndi zimbudzi. Anati, "Pitani a Mbewe, mukazizire mtima. Mukapemphere. Mwina Mulungu akakufewetsani, mudzabwere mudzaulule."

Mwamva? Nawonso anali atandiweruza kale.

Ndinavomera. Osati chifukwa cha chikondi, ayi. Musandiveke ulemu umene ndilibe. Ndinkathawa maso a anthu, komanso anati chakudya chikakhalako. Taganizani. Mwana wanga wotupa ndinamusiya pa mphasa kuno, ine n'kukwera lole kukasamala ana a eni kudziko la eni.

Mu lole munali chisangalalo. Matisheti atsopano, makorasi, achinyamata mafoni m'mwamba kudzijambula. Tinadutsa pachipata cha Mwanza akuimba. Ine ndinakhala pa matumba a simenti kumbuyo. Mtsogoleri wathu, bambo wina wa ku Blantyre wa nsapato zoyera, anati, "Abale, nkhope za chimwemwe, tikukatumikira!" Ndinamuyang'ana mpaka anayang'ana kumbali.

Kumene tinafika anthu ake amayankhula ngati ife tomwe, kungoti amasakaniza ndi Chipwitikizi. Malowo anali tchalitchi chakale chimene anachotsamo mabenchi n'kuyalamo mphasa. Ndinalowa kuti ndione pomwe denga likudontha.

Abale ndi alongo, ndinaima pakhomo ngati ndamenyedwa ndi njerwa.

Tiyamike apa. Tiyamike apo. Tiyamike pakona. Mphasa iliyonse Tiyamike. Masaya omwewo, mapazi omwewo, tsitsi lofiira lomwelo. Ndipo ana amenewa salira ngati ana. Amangoti nyii, nyii, ngati tiana ta mphaka.

M'gulu lathu munali namwino wopuma pantchito, Mayi Zimba, mayi wamfupi wa mawu ngati wenzulo. Ndinawafunsa mokweza, azimayi onse akumva, "Mayi, kodi ana onsewa abambo awo ndi achigololo?"

Anati, "A Mbewe, mwabwera kudzamanga kapena kudzandidwalitsa mutu? Bwerani kuno."

Anagwira zala zanga zazikulu ziwiri, n'kuzidinikiza pamwamba pa mapazi a mwana wina. Anati ndidikire pang'ono. Nditachotsa, panatsala maenje awiri, ngati wadinda pa dothi lonyowa. Sanabwerere msanga.

"Mwaona? Si mafuta awa, ndi madzi. Njala imeneyi. Mwana wangodya phala lokhalokha, thupi lasowa zomangira. Palibe za chigololo apa."

"Nanga jakisoni samupha?"

"Chimene chimamupha ndi kuchedwa."

Ndinatuluka. Ndinapita kuseri kumene tinatsitsira njerwa. Mukuganiza kuti ndinagwada n'kupemphera? Ndinatukwana. Ndinati, "Inu Mulungu, zoona munachita kundiolotsa malire kuti mundionetse zimenezi? Panalibe munthu mmodzi ku Magaleta woti n'kugwira zala zanga?"

Ndinafuna kubwerera tsiku lomwelo. Koma lole inali itabwerera, mtsinje umene tinaoloka unadzadza usiku wake, ndipo foni kumeneko inali yoonera nthawi basi. Mtsogoleri anati tonse tinalowa pamodzi, tidzatulukanso pamodzi. Ndinatsekeredwa. Ndinamanga khitchini ija ngati ndikumenyana nayo.

Manja anali ochepa, ana ambiri. Mayi Zimba anandiitana. "A Mbewe, mukaweruka ku njerwa musambe m'manja, mudzandithandize kumwetsa." Anandipatsa kamtsikana kena dzina lake Lozinya, msinkhu wa Tiyamike ndendende. Mayi ake anali mtsikana wamng'ono, nayenso wofooka.

Kumwetsa mwana wotere si masewera. Kakapu kakang'ono, mkaka wa kuchipatala wooneka wamadzimadzi, pang'onopang'ono, kenako kudikira, kenako kubwerezanso, tsiku lonse. Ine mtima wanga unkati mwana wanjala mupatse adye akhute! Tsiku loyamba ndinapendeketsa kapu kwambiri. Mayi Zimba anandimenya padzanja ngati mwana wa sukulu.

"Mukufuna kupha? Mukathamanga, mtima wake uima! Ameneyu si maziko oti muthiremo konkire."

Ine, Fanuwelo, amene ndinagwetsa alamu anga ndi chibakera chimodzi, ndinakhala pa mphasa miyendo tambalale, kunyengerera kamunthu kosafika ndi pa bondo langa. Kankalavula. Kankatembenuza mutu. Ndinkati, "Iwe Lozinya, ine kwathu amandiopa, wamva?" Kankangondiyang'ana. Ndinkadikira. Moyo wanga wonse ndinali ndisanadikirepo munthu chonchi.

Patapita masiku madzi anayamba kuchoka. Masaya anaphwa, mapazi anachita makwinya, nthiti zinaonekera zonse. Ndinachita mantha, ndinathamangira kwa Mayi Zimba kuti mwana akutha. Anati, "Ayi, ndiye akuchira ameneyo. Thupi lake lenileni ndi limeneli, linabisala m'madzi. Koma apa ndiye pamene ndimaopa, chifukwa abale ake akamuona chonchi amathawa naye."

Lozinya anayamba kunyambita chiponde pa chala changa. Tsiku lina anandigwira ndevu n'kukoka. Anamwetulira! Kumwetulira kwa mbali imodzi, koma kumwetulira. Ndinaitana tchalitchi chonse kuti adzaone. Mumtima ndinkati, Tiyamike dikira, bambo ako adziwa tsopano, dikira.

Kenako anabwera amalume ake a Lozinya, bambo ake a mwanayo akutsatira pambuyo. Amalumewo atangomuona anagwira kumutu.

"Tinabweretsa mwana wa thupi lake, mwamuyamwa! Taonani mafupa! Tinanena ife kuti iyi ndi tsempho. Uyu sanaulule, ndiye mankhwala a azungu akumudya mwana."

Mawu omwewo, abale. Dziko lina, ndalama zina, mbendera ina, koma mawu a a Gelesomu omwewo. Bambo a mwanayo, mnyamata wamtali wovala malaya ong'ambika paphewa, anangoti, "Ine sindinachite. Ndivomere bwanji chimene sindinachite?"

Mayi Zimba anafotokoza. Anachonderera. Anagwada, mayi wamkulu ngati uja. Amalumewo anangouza mlongo wawo kuti, "Nyamula mwana." Mtsikana uja anayang'ana ife, anayang'ana achimwene ake, n'kunyamula.

Ine ndinawagwira amalumewo pakhosi pa malaya. Ndikanawaswa. Mtsogoleri wathu anandikoka kumbuyo. "A Mbewe, tili m'dziko la eni, mutimangitsa tonse!" Madzulo ake pa mapemphero anandidzudzula kuti ndaipitsa mbiri ya ulendo. Munthu yemweyo anali atamujambula Lozinya tsiku lofika, ali wotupa, ndipo chimene anadandaula n'chakuti sapezanso chithunzi chachiwiri chokaonetsa kumpingo. Ndinatuluka mapemphero asanathe.

Mayi Zimba anandipeza panja. Anati, "Mukanawamenya mukanapindula chiyani? Mwana wotere sachira ndi mkaka wokha. Amafuna mayi ake akhale naye mpaka mapeto, mtima uli m'malo. Mukamulanda lero, mawa adzamuba."

Sipanapite masiku ambiri. M'mawa wina ndikusakaniza matope, ndinaona mayi a Lozinya akubwera okha, kumsana kulibe kanthu. Anafika pamene ndinali, anagwada, n'kutulutsa kakapu kaja m'chitenje.

"Kapu yanu iyi, bambo. Tinapita nayo mosadziwa."

Basi. Anadzuka n'kumapita.

Matabwa otsala pa chitseko cha khitchini ndi amene ndinakhomera bokosi la Lozinya. Pa ntchito zonse zimene ndinagwira pa ulendo umenewo, imene ndinaigwira mosamala kwambiri ndi imeneyo. Kabokosi kotalika ngati mkono wanga.

Kumanda, anthu atayamba kubalalika, bambo a Lozinya anabwera pafupi nane. Anati, "Achimwene, inu mwaona. Ine sindinavomere. Dzina langa ndi loyera." Ananena akuyang'ana kamtumbira kaja. Anabwerezanso, mawu akuthawa, "Dzina langa ndi loyera."

Munthuyo sananame. Anali wolungama ngati ine ndemwe. Dzina loyera, ndi kamtumbira.

Ndisakunamizeni, ana ambiri pamalo paja anachira. Ndinawaona ndi maso anga akuyamba kukwawa, kulimbirana chiponde. Ntchito ija si yachabe. Koma pobwerera anzanga ankaimba mu lole kuti ulendo wa madalitso, ine ndinkangoona kakapu.

Kuchokera pa Boma ndinakwera njinga yamoto, kwinako ndinayenda pansi chifukwa cha matope. Ndinafika dzuwa litapendeka. Tiyamike anali pa mphasa pakhonde. Ambuye! Maso atatsekeka ndi kutupa, miyendo yachita zilonda, pachifuwa amutema mphini n'kupakamo zakuda. Koma ankapuma. Ndinagwada, chikwama chili kumsana, n'kudinikiza zala pa mapazi ake. Maenje awiri.

Ndi pamene a Gelesomu anatulukira kuseri kwa nyumba n'kukuwa mawu ndayamba nawo aja.

Ndinati, "Alamu, iyi si tsempho. Ndi njala. Ndaona ana odzadza tchalitchi, ndawamwetsa ndi manja angawa, achira."

"Ehee! Masabata angati ku Mozambiki, mwabwerako dokotala? Anthuni bwerani mudzaone dokotala wa njerwa!"

"Mwanayu sadikira. Ndikupita naye."

"Mupite ndi yani? Mwana ndi wa mbumba yanga uyu. Inu munangobwera kudzabereka. Tambala salamula anapiye."

Dzanja langa linali litafumbata kale. Linkachita kuyabwa. Ndinatembenukira kwa mkazi wanga, ali pakhomo, mimba yakula. "Nabanda, tengani chitenje tizipita."

Anayang'ana ine, anayang'ana achimwene ake. Kuyang'ana komwe kuja kwa mayi a Lozinya. Anati, "Bambo a Tiya, akakamubaya n'kufa, ine ndidzalowera kuti? Adzati ndapha mwana ndi ine."

Ndikanatha kumunyamula mwanayo n'kuthamanga. Palibe akanandigwira, onse amadziwa dzanja langa. Koma kenako? Nabanda sakanabwera. Akanabwera, tsiku limene madzi adzachoke, nthiti n'kuonekera, a Gelesomu akanafika n'kunena kuti nyamula mwana. Ndinali nditaziona kale zimenezi mpaka kumapeto kwake. Ndinali nditakhoma kale bokosi lake.

Ndinafumbatula dzanja. Ndinati, "Nanga nditaulula?"

Anthu onse anatembenukira kwa a Gelesomu.

A Gelesomu anati, "Mukaulula pamaso pa mbumba ndi mkulu wa mpingo, n'kumumwetsa mankhwala, tsempho yamasuka. Mukatero pitani naye ngakhale ku Joni, ine ndilibe mawu."

Ndinatembenuka n'kuchoka. Ndinakagona kwa mmisiri mnzanga kutsidya.

Ndisanakuuzeni za m'mawa mwake, tembenukani muone kumbuyoko. Tiyamike, imirira mwana wanga. Ndi ameneyo. Ali Sitandade 2. Ndi wamfupi pa anzake, koma liwiro lake simungamugwire. Khala pansi, mayi.

Anagonekedwa m'chipatala cha pa Boma nthawi yaitali, mayi ake ali pambali. Madokotala ndi anamwino anagwira ntchito, Mulungu awadalitse. Madzi atachoka, mwana n'kuoneka mafupa okhaokha, Nabanda anayamba kulira kuti tibwerere kumudzi. Mukudziwa amene anamulimbitsa mtima? A Gelesomu! Anabwera kudzazonda, anati, "Usaope mlongo wanga, ndi tsempho ikutuluka imeneyo. Mwamuna wako anaulula." Ndinaluma mlomo mpaka magazi.

Ndiye ndikuyamika Mulungu. Ndikuyamika, inde. Anandiolotsa malire, anandikhazika pa mphasa, anaphunzitsa manja a ndewu kugwira kakapu. Mwana wanga ali moyo. Mng'ono wake anabadwa bwino. Ndinabwerera m'nyumba yanga. Masiku a sikelo ndimasiya njerwa, ndimayenda ndi alangizi a zaumoyo, ndimadinikiza mapazi a ana, ndimauza amayi za nsinjiro ndi mazira m'phala. Ena amamva. Ena amati, "Iwo aja a tsempho aja atiphunzitse ife?"

Koma kuyamika kwanga kuli ndi minga, ndipo sindibisa. Za Lozinya ndimamufunsabe Mulungu, sanandiyankhe. Mkazi wanga ndinamuuza zoona zonse pakhonde la chipatala, mwana atayamba kudya. Anangoti, "Ndamva." Mpaka lero sindidziwa ngati "ndamva" ameneyo ndi wokhulupirira kapena wongofuna mtendere. Tikudya mbale imodzi, koma pali kanthu kamene kanasweka m'mawa umene uja, ndipo ine mmisiri ndalephera kukamata.

Chimene chandiimiritsa pano ndi ichi. A Gelesomu mpaka lero amadzitama kuti anachiritsa mwana. Ndipo dzinja lapitali ndinamva kuti kumudzi wina kuseri kwa phiri, mwana wotupa anamusunga m'nyumba akudikira bambo ake aulule. Ankamuuza bamboyo kuti, "Taonani a Mbewe a ku Magaleta, anaulula, mwana anachira." Dzina langa! Dzina langa likugwira ntchito yotsekera ana m'nyumba! Ndinapulumutsa wanga, n'kuwonjezera chingwe pa ana a anzanga. Chimenechi chimandidya kuposa benchi ya kumbuyo.

Ndiye imvani bwino, ndipo mukauze a kuseri kwa phiri. Ine Fanuwelo Mbewe sindinayendepo ndi mkazi wina chikwatirire. Pa Zalewa ndinkagona pa matumba a simenti ndekha. Mwana wanga sanachire ndi kuulula. Anachira ndi mkaka, chiponde, ndi anthu odziwa ntchito yawo. Mwana akatupa mapazi, dinikizani chala. Pakatsala dzenje, thamangani naye, milandu mudzakamba pobwera. Akulu a mpingo, ngati mukufuna kundidulanso, ulendo uno chifukwa cha bodza, benchi ija ndikuidziwa, simuchita kundiperekeza.

Tsono m'mawa muja.

Kutangocha ndinadzera kwa a Matewere, ndinati tiyeni mukakhale mboni. Anasangalala, anati Mulungu wayankha mapemphero. Tinapeza mbumba yakhala kale pabwalo, a Gelesomu pa mpando, Nabanda pansi mwana ali pamiyendo. Ena anabwera osaitanidwa, anaima m'mbali mwa nkhokwe.

Ndinaima pakati. Ndinavula chipewa. Ndinati, "Ndinachita."

A Gelesomu anati, "Kwezani mawu, akumbuyo sanamve."

"Ndinachita!"

"Ndi yani?"

Sindikanatchula mwana wa munthu wosalakwa. Ndinati, "Mkazi wina wa pa Zalewa. Dzina sindinamufunse."

Nabanda anatulutsa kamawu kamodzi, kakang'ono, ngati munthu waponda munga. Sindinamuyang'ane. Ndikanamuyang'ana ndikanabweza mawu.

A Gelesomu anamwetulira, n'kuyang'ana anthu mbali zonse. "Si izi? Mukanatero kale, alamu, bwenzi mano anga ali onse." Anandipatsa chikho cha mankhwala, akuda bii, onunkha mizu. Mwambo wake ndi woti bambo alawe kaye, kenako amwetse mwana. Ndinagwada, ndinawapatsa msana. Ndinaviika chala, n'kungonyowetsa milomo ya Tiyamike. Otsalawo ndinagugudiza ndekha onse. Kuwawa kwake ndikukumvabe pakhosi pano.

Ndinaimirira, ndinaonetsa chikho chopanda kanthu. "Zatha?"

"Zatha."

"Nabanda, ndipatseni chitenjecho."

Anandipatsa osandiyang'ana. Ndinawerama, ndinamuika Tiyamike kumsana, ndinamanga mfundo pachifuwa monga ndinaphunzirira kwa azimayi a ku Mozambiki. Anyamata a m'mbali mwa nkhokwe anayamba kuseka, bambo wa ndevu kubereka mwana. Wina anaimba mluzu. Ndinati, "Nabanda, tengani ndowa ndi bulangeti, kumene tikupitaku tikakhalitsa."

Ndinatsogola. Kufika pa mtengo wa mango wa kumapeto kwa mudzi ndinamva ndowa ikulira kumbuyo kwanga, ndinadziwa kuti akubwera. Sindinacheuke. Ndinangoyenda kulunjika kuchipatala, timapazi tozizira tija tikundigunda m'nthiti.